DVD ya Tosca yandikanika, ndiionere bwanji?

Imelo ya lero yachokera kwa mayi wina amene mlongo wake anamutumizira DVD ya opera (sewero limene anthu ake amaimba m'malo moyankhula) yotchedwa Tosca, ija anaijambula ku Rome mu 1992. Walemba kuti: "Ndinaiika ndili ndi chidwi, koma pasanapite nthawi ndinazimitsa. Chitaliyana sindimva, anthu ake akungokuwa, ndipo sindikudziwa chimene akukanganirana. Kodi pali njira yoti munthu asangalale nazo zimenezi, kapena ndingoisunga m'kabati?"

Mayi, musaisunge m'kabati. Mlongo wanuyo anasankha bwino, chifukwa Tosca ndi yaifupi, pafupifupi maola awiri, ndipo nkhani yake siyendayenda. Koma musanaiikenso, dziwani kaye nkhani yonse mpaka mathero ake. Filimu timaonera kuti tidziwe kuti zitha bwanji, koma opera imakoma munthu ukadziwiratu. Zili ngati sewero la masautso a Ambuye pa Lachisanu Loyera: aliyense amapita akudziwa kuti zithera pa mtanda, komabe misozi imatuluka chaka ndi chaka. Mukasiya kulimbana ndi funso loti "akuti chiyani?", khutu lanu limamasuka n'kuyamba kumva nyimbo.

Nyimbo za Tosca anapeka Giacomo Puccini, mawu ake analemba Luigi Illica ndi Giuseppe Giacosa, ndipo anaionetsa koyamba pa 14 Januwale 1900 ku Teatro Costanzi mumzinda wa Rome. Nkhani ikuchitika mu Juni 1800, nthawi ya nkhondo za Napoleon. Mkaidi wandale, Angelotti, wathawa kundende n'kukabisala m'tchalitchi momwe Mario Cavaradossi akujambula chithunzi. Cavaradossi akumuthandiza kuthawa. Chibwenzi cha Cavaradossi ndi Floria Tosca, woimba wotchuka, wopemphera kwambiri koma wansanje zedi. Mkulu wa apolisi, Baron Scarpia, akufuna zinthu ziwiri: kugwira wothawayo ndi kugona ndi Tosca. Akugwiritsa ntchito nsanje ya mayiyo kuti apeze zonse.

M'gawo lachiwiri Scarpia akulamula kuti Cavaradossi azunzidwe m'chipinda choyandikana, Tosca akumva kulira kwake. Mtima ukumukanika, akuulula kuti Angelotti ali m'chitsime cha m'munda. Kenako Scarpia akutchula mtengo wa moyo wa Cavaradossi, womwe ndi thupi la Tosca. Akulonjeza kuti asilikali adzangonamizira kumuwombera, ndipo akulemba chikalata choti awiriwo atuluke m'dzikomo. Atangomaliza kulemba, Tosca akumubaya ndi mpeni wa patebulo. M'gawo lachitatu zikudziwika kuti Scarpia ananama. Zipolopolo n'zenizeni, Cavaradossi wafa, ndipo Tosca akudziponya pansi kuchokera pamwamba pa linga la Castel Sant'Angelo.

Tsopano za kukuwa zija. Oimba opera amaphunzira zaka zambiri kutulutsa mawu oti adutse pamwamba pa gulu lalikulu la oimba zida n'kukafika kwa munthu wokhala mpando wakumbuyo m'holo ya anthu pafupifupi 2,000, popanda maikolofoni. Mawu otere mukawapanikiza m'kasipika ka TV kapena ka foni, thupi lake limatayika, kumangotsala kuthwa kolasa khutu. Lumikizani DVD yanu ku masipika a wailesi ya m'nyumba, kapena valani mahedifoni. Musakweze kwambiri poyamba, chifukwa Puccini amatha kunong'ona kenako n'kuphulika mwadzidzidzi. Pa menyu ya DVD yang'ananinso mawu omasulira olembedwa pansi. Ma DVD ambiri a opera amakhala nawo m'Chingerezi, ndipo palibe manyazi kuwayatsa.

Chimene ndikufuna mugwire kwambiri n'chakuti zida zoimbira zimanena zimene anthu a m'sewerolo akubisa. Opera ikangoyamba, munthu asanatsegule pakamwa, mumva kulira kutatu kolemera kwa zida zonse pamodzi. Ameneyo ndi Scarpia. Kasungeni m'mutu kanyimbo kameneko, chifukwa kamabwerabwera ngakhale iye palibe, mwina mokweza, mwina chapansipansi, ndipo kakamveka mudziwe kuti mthunzi wake wafika. Kumapeto kwa gawo loyamba ndiye kumene ine ndimazizidwa thupi nthawi zonse. Tchalitchi chadzaza, mabelu akulira, mizinga ikuwomba patali, khamu likukonzekera kuimba Te Deum, nyimbo yachilatini yoyamika Mulungu. Pakati pa zonsezo Scarpia waima payekha akuimba za chilakolako chake, mpaka akuvomera kuti Tosca akumuiwalitsa Mulungu, kenako n'kulowa nawo m'pemphero ngati munthu wolungama. Simufunika Chitaliyana kuti mumve chinyengo chimenecho. Mawu ake, amene ali pakati pa tenala ndi besi, akukwawa pansi pa nyimbo yoyera.

Pali nyimbo zina ziwiri zoti muziyembekezere. "Vissi d'arte" ndi pemphero la Tosca m'gawo lachiwiri, pamene Scarpia wamupanikiza. Akufunsa Mulungu chifukwa chake akumubwezera chotere pomwe iye sanalakwirepo munthu. Zonse zimaima kwa mphindi zitatu kapena kuposerapo pang'ono, ndipo ngati mukuphika kapena kuyankha foni pa nthawiyi mwataya mtima wa sewero lonse. Ina ndi "E lucevan le stelle", ya Cavaradossi akudikira imfa m'bandakucha. Chitoliro chotchedwa clarinet ndicho chimayambitsa nyimboyo, iye akungoyankhula motsitsa, kenako mawu ake akuitola n'kuikweza.

DVD muli nayoyo ili ndi mbiri yakeyake. Mu Julayi 1992 anaionetsa pa TV m'mayiko ambiri nthawi yomwe inkachitika, ndipo gawo lililonse analiseweretsa pamalo enieni ndi pa ola lenileni la nkhaniyo: masana m'tchalitchi cha Sant'Andrea della Valle, usiku m'nyumba ya Palazzo Farnese, ndipo m'mawa mwake kukucha pamwamba pa Castel Sant'Angelo. Tosca ndi Catherine Malfitano, Cavaradossi ndi Plácido Domingo, Scarpia ndi Ruggero Raimondi. Oimba zida, motsogozedwa ndi Zubin Mehta, anali kumalo ena mumzindamo, ndipo oimba pakamwa ankamutsatira poyang'ana pa timakanema tobisika. Kuwala kumene mukuona m'gawo lachitatu ndi dzuwa lenileni la Rome likutuluka. Kwa munthu woyamba kumene, izi zimathandiza kwambiri, chifukwa maso amakhulupirira msanga zimene akuona.

Komabe mukandifunsa Tosca wanga wa pamtima, ndikutumizani ku London. Mu Febuluwale 1964 anajambula gawo lachiwiri lokha pa bwalo la opera la Covent Garden, Maria Callas akusewera Tosca, Tito Gobbi akusewera Scarpia, sewerolo analikonza Franco Zeffirelli. Zithunzi zake n'zakuda ndi zoyera, ndipo mawu a Callas anali atayamba kutopa. Chaka chotsatira, mu Julayi 1965, anaimba opera yake yomaliza pa bwalo lomwelo, ndipo inali Tosca yomweyi. Koma yang'anani maso ake pamene akuona mpeni patebulo, ndi m'mene dzanja likupitira pang'onopang'ono ngati silikufuna. Yang'anani Gobbi m'mene akumwetulira mwaulemu uku akulamula nkhanza. Makanema a Callas akusewera opera pabwalo ndi ochepa kwambiri, n'chifukwa chake kagawo aka anthu amakasunga ngati chuma. Mukamaliza DVD yanu kafufuzeni pa YouTube, mufanizire nokha.

Simukuyenera kuonera zonse tsiku limodzi. Gawo loyamba ndi lachiwiri lililonse limatenga mphindi pafupifupi 45, lachitatu silikwana theka la ola, ndipo ngakhale ku holo anthu amapuma pakati. Mutha kuonera gawo limodzi madzulo aliwonse, mutawerenganso kaye ndime ya nkhani yake pamwambapa. Gawo lachiwiri dikirani ana aang'ono agone kaye, chifukwa muli kuzunza munthu, kufuna kugwirira mayi, ndi kupha.