Alamu, tsabola wamadzimadzi asalowe m'chikwama cha bambo

Alamu, mabotolo a tsabola wogaya amene mwati mwaoda kale aja akanizeni lero lomwe, ngakhale ndalama munapereka kale ipite. Anzathu m'gulu muno akungokuuzani kuti bambo popita ku mishoni ya asilikali kunja kwa dziko muwaikire tsabola wambiri poti chakudya cha ku mesi, kumene asilikali amadyera, chimakhala chozizira mkamwa. Kuzizirako n'koona. Koma palibe amene wakuuzani zimene botolo lotere limachita likafika kumeneko.

Tsabola amagulitsa m'mabotolo a mayonezi uja amagaya wamuwisi pamodzi ndi tomato, anyezi ndi adyo, n'kuthiramo madzi kuti achuluke, pamwamba saladi (mafuta ophikira) pang'ono kuti aoneke bwino. Mufiriji kunyumba kwanu atha kukhala sabata imodzi kapena awiri. Tsono katundu wa msilikali saona firiji. Amakhala padzuwa pabwalo la ndege, kenako m'kontena lachitsulo. Ngati akupita ku Birao, ku Central African Republic, kumene asilikali athu a ku Zambia anayamba kupita mu 2015, dziwani kuti mu March ndi April kutentha kumapitirira madigiri 40. Tomato ndi anyezi uja amayamba kuwira ngati thobwa logona, mpweya n'kudzaza botolo. Zikakomera, chitsekerero chimafumuka m'chikwama momwemo. Yunifomu, masokosi, neti ya udzudzu, makabudula amkati, zonse mafuta ofiira okhaokha. Mafuta a tsabola sachoka ndi kuchapa kamodzi, ndipo munthu akavala kabudula woteroyo n'kutuluka thukuta amayenda chotang'adza tsiku lonse. Nthawi zina botolo limadikira kuti alitsegulire patebulo, n'kumulavulira m'maso iye ndi amene wakhala pafupi.

Pamenepo n'pabwino. Choipa ndi botolo limene silinaphulike. Munthu wadya nyemba zamadzi masabata atatu, watsegula, wapeza zoyera pamwamba ndi kafungo kowawasa. Sataya ayi. Amachotsa zapamwambazo ndi supuni, n'kunena kuti tsabola saola, n'kugawirako anzake a tenti yonse poti kumeneko chakudya chochokera kunyumba sudya wekha. M'mawa patirolo. Ali m'galimoto yachitsulo yotseka, chovala choteteza zipolopolo chamufinya pamimba, chisoti kumutu, msewu wa mabampu okhaokha, ndipo mdipiti wa magalimoto suima paliponse chifukwa choti wina m'mimba mwamupotokola. Amayamba ndi thukuta lozizira, kenako kuluma mano, kenako zimangochitika pamaso pa anzake, ena mwa iwo ana amene iye amawalamula. Ndipo si mmodzi, onse amene anadya aja amayamba motsatizana. Pa kutentha kotero kutsegula m'mimba kumamaliza madzi m'thupi msanga, pofika madzulo milomo yauma, maso alowa mkati, wina ali pa diripu. Mawa lake akuluakulu akufunsa kuti chakudya chosachokera ku kitchini chinalowa bwanji, ndipo dzina limene limatchulidwa ndi la mwini botolo.

Amene amagulitsa zinthuzi amandikwiyitsa kwabasi. Akangomva kuti gulu lina likunyamuka, ayamba kuzungulira m'makomo mwa akazi a asilikali, pakamwa pali "uyu amakhala chaka chathunthu, ndinaikamo mankhwala." Mankhwala ati? Mufunseni viniga anathira wochuluka bwanji, muona akuyang'ana kumbali. Ena mabotolo amangotsukuluza ndi madzi ozizira, mayonezi akadali m'khosi mwa botolo. Ndalama walandira, amene akavutike ali kutali, sangabwere kudzadandaula, ndipo podzabwera nkhani yaiwalika. Woopsa kwambiri ndi uja amaika adyo wamuwisi m'mafuta okhaokha. Mmenemo mulibe mpweya, mulibe chowawasa, ndiye malo amene kachilombo ka botulism kamakonda. Sikabwera kawirikawiri, koma sikanunkha, sikasintha mtundu, ndipo kamapha. Munthu akayamba kuona zinthu ziwiriziwiri, zikope kulemera, kumeza kuvuta, athamangire kwa dokotala nthawi yomweyo.

Ndiye muwaikire zouma. Zamadzi akapangire komweko.

Yambani ndi tsabola. Gulani wofiira wakupsa, wa kambuzi kapena kapiripiri kakang'ono kaja, m'misika ya kuno ku Chipata, ku Kapata kapena ku Saturday Market, mupeza. Ngakhale akuuzeni kuti ndi wouma, muyanikeninso masiku awiri kapena atatu mpaka azithyoka mukamupinda. Akamapindika osathyoka ndiye kuti mkati muli chinyezi ndipo adzachita nkhungu. Chotsani timapesi, mukazingeni pa chiwaya chouma pamoto wochepa mphindi zitatu kapena zinayi, panja, ana ali kutali. Akada ndiye kuti wapserera, adzawawa ngati mankhwala, tayani. Sinjani atazizira, musefe. Pa kapu imodzi ya ufa wa tsabola ikani theka la kapu ya mchere wosalala, masupuni aakulu anayi a ufa wa adyo, awiri a jinja, awiri a paprika kuti msuzi uzifiira. Adyo ndi jinja gulani waufa wa m'sitolo, wouma kale. Wodziumitsira kunyumba nthawi zambiri sauma mpaka mkati.

Chachiwiri, chimene ine ndimachiika patsogolo pa zonse, ndi ufa wa kapenta. Vuto la chakudya cha ku mesi sikusowa kuwawa kokha. Ophika akuphikira anthu mazanamazana mumphika umodzi, nkhuku yachokera mufiriji yaikulu ndipo poisungunula madzi ake okoma atayika, ndiwo zamasamba n'za m'zitini, mpunga wakhala m'mbale zofunditsira maola awiri. Chimene chasowa ndi kukoma kwa ndiwo kwenikweni, ndipo tsabola yekha sangakubwezeretse, amangokutentha lilime. Kapenta ndiye amabwezeretsa. Sankhani wouma bwino, wowala, wosanunkha mafuta akale. Mupepeteni kuchotsa mchenga, osamutsuka, chifukwa akanyowa simudzamuumitsanso bwino. Mukazingeni wopanda saladi mphindi pafupifupi 10 mukutakasa, mpaka azikhofoka pakati pa zala. Sinjani, sefani kawiri. Supuni yaing'ono imodzi mu mbale ya nyemba zotentha imasintha mbale yonse. Koma musamusakanize ndi tsabola uja. Kapenta ali ndi mafuta ake, pakutentha amayamba kununkha pakatha miyezi iwiri kapena itatu, ndipo akaonongeka asaononge ndi tsabola yemwe.

Nsinjiro ndiye anthu a kuno kwathu amalakwitsa kwambiri, poti nshawa tili nazo zambiri timaganiza zodzazitsa chikwama. Nshawa zikasinjidwa mafuta ake amakhala poyera, pa kutentha kuja mwezi umodzi zayamba kukhakha pakhosi. Ikani nshawa zathunthu, Chalimbana ngati mwaipeza, zosankhidwa imodziimodzi. Zofota, zothimbirira ndi zachuku tayani osamva chisoni, chifukwa chuku cha nshawa chimakhala ndi poizoni wa aflatoxin amene sachoka ngakhale mukazinge. Bambo akasinjire komweko pang'onopang'ono, botolo lagalasi ndi mbale yachitsulo zimagwira ntchito ya mtondo. Ngati mukufuna chiponde, gulani cha m'sitolo chomata bwino, osati chopanga nokha. Supuni imodzi ya chiponde yosungunula m'madzi otentha theka la kapu, kamchere ka tsabola kaja pang'ono, kuthira pa kabichi wowiritsa kapena sipinachi wa m'chitini, ndiwo zotendera zapsa.

Chowawasa musaiwale, ambiri amachiiwala. Chakudya chimene chakhala nthawi yaitali pamoto chimadzuka ndi kowawasa kuposa mchere. Bwemba wouma amasungika bwino, kachidutswa kofanana ndi chala chachikulu kuviika m'madzi otentha mphindi 15, kufinya, madziwo kuthira mu nyemba kapena pa nsomba ya m'chitini. Ufa wa malambe nawo umalowa mu phala la m'mawa. Mfutso wa nkhwani kapena wa khwanya ndi wopepuka, koma umafuna moto ndi mphika, ndiye ikani wochepa. Therere louma losinja ndi bwino, koma awauze asachulutse soda, amapha mavitamini a m'masamba.

Kapakidwe kake ndi kamene kamapulumutsa zonsezi. Musaike m'chigubu chimodzi chachikulu. Chikamatsegulidwa katatu patsiku chinyezi chimalowa, makamaka nyengo ya mvula, ufa umaumbika, kenako nkhungu. Gawani m'timapepala ta pulasitiki tokwana sabata imodzi, masupuni aakulu anayi kapena asanu, finyani mpweya utuluke, matani ndi kandulo, muike timapepalato m'kontena lotseka bwino. Bambo akhale ndi kabotolo kamodzi kakang'ono kowazira, koikamo njere zingapo za mpunga, kokwana m'thumba la buluku. Kalikonse kalembeni dzina ndi tsiku, m'Chingerezi. Ufa woyera wa malambe wopanda dzina, kapena masamba ouma obiriwira m'pulasitiki, pabwalo la ndege munthu amachedwa nazo kufotokoza kuti si chamba. Bambo afunsenso akuluakulu awo zimene zikuloledwa ndi kulemera kwa katundu, malamulo amasiyana ulendo ndi ulendo. Zamadzimadzi m'chikwama cha m'manja sizipitirira 100 ml pa botolo.

Akafika, sosi wamadzi apange chonchi. Viniga woyera wolembedwa 5% papepala, theka la lita, osathiramo madzi ngakhale dontho, chifukwa kuwawasako ndiko kumaletsa tizilombo. Masupuni aakulu asanu ndi limodzi a ufa wa tsabola uja, supuni imodzi ya shuga. Awiritse mphindi 10 mu poto wosachita dzimbiri, athire akadali wotentha m'botolo limene nalo lawiritsidwa. Pansi pa chitsekerero chachitsulo aikepo kapulasitiki, viniga amadya chitsulo. Tomato asalowemo, anyezi wamuwisi asalowemo. Akafuna wa mafuta, atenthetse saladi masupuni anayi, achotse pamoto, adikire mphindi imodzi, athire pa supuni ziwiri za ufa wa tsabola. Mafuta akatentha kwambiri tsabola amada nthawi yomweyo. Ameneyu ndi wa masiku awiri kapena atatu basi.

Ndipo botolo lake alisunge yekha. Pa tebulo lililonse pamakhala mmodzi amene sanabweretse kalikonse, koma ndiye woyamba kutambasula dzanja, n'kuviika supuni imene watulutsa mkamwa, ya nsima ndi malovu, m'botolo la mwini. Masiku atatu botolo lachita thovu, iye yemweyo ndiye ayambe kunena kuti akazi anu sadziwa kupanga tsabola. Botolo likhale la kukamwa kopanikiza, lothira, loti supuni isalowe. Ophika ena nawonso musawamvere chisoni kwambiri. Kuphikira anthu ambiri n'kovuta, inde, koma alipo amene anyezi ndi saladi ali pompo, iye n'kungoponya zonse m'madzi owira chifukwa kukazinga kumuchedwetsa kukagona. Ukadandaula akuti kuno si kwa amako.

Pa mchere asamale. Timakyubu ta Royco, Knorr kapena Maggi timathandiza, ndipo Maggi kumaiko a uko amapezeka m'misika, palibe chifukwa chonyamula wambiri. Koma kyubu ndi mchere wokhawokha, nyama ya m'chitini ili ndi mchere, tsabola wathu uja tathiramo mchere. A bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO amati munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 patsiku, pafupifupi supuni yaing'ono imodzi. Wotuluka thukuta tsiku lonse amafuna woonjezera pang'ono, koma amene ali ndi BP asankhe chimodzi, kyubu kapena tsabola wamchere. Ngati mankhwala oteteza malungo amene awapatse ndi doxycycline, amenewo paokha amatentha pachifuwa. Amwe ndi madzi ambiri atadya, asagone nthawi yomweyo, ndipo tsabola wa usiku achepetse. Muwaikirenso mapaketi a ORS, obwezeretsa madzi m'thupi munthu akatsegula m'mimba. Akatha, lita imodzi ya madzi abwino, masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere.

Komabe alamu, sabata yoyamba ija ndi yowawa, munthu sanadziwe kopeza viniga, sanapeze poto, mtima uli kunyumba. Kabotolo kamodzi kakang'ono mutha kuwaikira. Nali wa ku Malawi wosatsegula ndiye wabwino, kuno ku Chipata savuta kupeza. Mukafuna wa manja anu, kazingani tsabola mu saladi mpaka madzi onse atheretu ndipo thovu lasiya, wopanda tomato, wopanda adyo, mukulunge m'mapulasitiki awiri, muwauze amalize m'masiku asanu. Ndipo wophika uja, ngakhale waulesi chotani, bambo akangofika amupatseko kapepala kamodzi ka kapenta. Moto wowiritsira viniga ndi anyezi wokazinga zili m'manja mwa iyeyo.