Musanagule ma sub ena, yambani mwakonza crossover

Achimwene, mwafunsa komwe mungagule ma sub (masipika otulutsa besi) ena awiri, mikisa yabwino, komanso chifukwa chake besi ikumiza mawu a mlaliki mu holo yomwe mpingo wanu ukuchita lendi ku Rosettenville. Ine ndiyankha za besi zokha, ndipo amene akukuuzani kuti muwonjezere mawati angokuwonongetsani ndalama.

Mabokosi anu ndi olumikiza, ma top (otulutsa mawu apakati ndi okwera) pamwamba ndi ma sub pansi, choncho aliyense ayenera kupatsidwa gawo lake la mawu. Ikani crossover, chipangizo chogawa mawu pakati pa ma top ndi ma sub, pakati pa 80 Hz ndi 120 Hz, kuyambira pa 100 Hz, kuti ma top asamalimbane ndi besi yomwe ma sub akutulutsa kale. Akamaimba gawo limodzi onse, mpamene mumamva phokoso logunda m'chifuwa koma mawu osamveka. Pa mayikolofoni iliyonse dinani batani la low cut, lomwe limadula besi. Mukatero, zimitsani ma sub, konzani ma top mpaka mawu a munthu amveke bwino kumbuyo kwa holo, kenaka mukweze ma sub pang'onopang'ono. Dziwani kuti kukweza besi ndi 3 dB kumafuna mphamvu yowirikiza kawiri kuchokera ku amplifier, ndipo nyali yofiira ya clip, yosonyeza kuti amplifier yafika pamalire, ikamayaka pafupipafupi, sipika ikhoza kupsa.

Chomwe ndikuchenjezani kwambiri ndi malo oika ma sub. Ndinaona pa chinkhoswe china mu holo ya malata kum'mwera kwa Johannesburg, pomwe mnyamata wa zoimbira anaika sub imodzi pakona iyi, ina pakona iyo. Khoma ndi kona zimakuza besi zokha, moti malata ankanjenjemera, magalasi a mawindo akulira, ndipo nthawi ya perekaniperekani anthu sankamva ngakhale mayina omwe MC ankaitana. Chodabwitsa n'chakuti okhala pakati ankadandaula kuti besi yachuluka pamene ena chapambali ankati kulibe, chifukwa ma sub akatalikirana mafunde awo amawonjezerana pena n'kufafanizana pena. Aikeni pamodzi kutsogolo, chapakati, motalikirako ndi khoma. Onaninso mawaya: ngati sub imodzi yasemphanitsidwa positive ndi negative, besi imachepa mukayatsa onse awiri m'malo mochuluka.

Crossover wamba ngati ya Behringer ndi yotsikirapo mtengo, pamene ya dbx DriveRack ndi yodula kwambiri, ndipo siyofunika kwenikweni kwa mpingo waung'ono. Mukagula zogwiritsidwa kale ntchito m'mashopu a m'tauni, musakhulupirire mawati zikwizikwi olembedwa pabokosi. Funsani mawati a RMS, omwe ndi mphamvu yomwe sipika imapirira mosalekeza, ndipo wogulitsa ayese sipikayo inu muli pomwepo. Magetsi akathima n'kuyamba kugwiritsa ntchito jenereta yaing'ono, tsitsani ma sub, chifukwa ndiwo amadya magetsi ambiri.