Funso ndi Yankho: Kuchulukitsa Makorali a Bowa m'Thanki ya Kunyumba

FUNSO

Akonzi, ndine mphunzitsi wokhala ku Katoto mumzinda wa Mzuzu. Ndakhala ndikuweta nsomba za mbuna kwa zaka zambiri, koma chaka chatha ndinayamba thanki ina ya malita 200 ya madzi amchere, momwe muli makorali (tinyama ta m'nyanja zamchere tomamatira pamiyala) ofewa ofiira a mtundu wa Discosoma, aja ooneka ngati bowa. Mnzanga wandipempha kuti ndimugawireko. Ndinamatula limodzi n'kulimata pamwala wina ndi super glue, koma m'mawa mwake ndinapeza litasowa. Kodi njira yoyenera ndi iti?

YANKHO

Bambo, korali lanulo silinakane guluu chifukwa choti munalakwitsa kamatidwe ayi. Makorali amenewa, omwe asayansi amawaika m'gulu la Corallimorpharia pamodzi ndi Rhodactis ndi Ricordea, alibe chigoba cholimba, ndipo akangokhudzidwa amatulutsa madzi onanda ngati therere, kotero kuti guluu amagwira zonandazo m'malo mwa thupi. Yang'anani kuseri kwa miyala ndi pakamwa pa pampu, chifukwa nthawi zambiri lomwe lasowa limakhala kuti latengedwa ndi madzi n'kukakhazikika pamalo obisika.

Dziwani kaye kuti Discosoma imachulukana yokha. Ikamasuntha pang'onopang'ono pamwala, imasiya tizidutswa ta phazi lake, ndipo kachidutswa kalikonse kamakula n'kukhala korali lathunthu. Ngati mnzanuyo angapirire, ikani timiyala ting'onoting'ono mogundana ndi mwala waukuluwo, ndipo pakapita miyezi ingapo ena adzakhala atasamukira pamenepo. Njira imeneyi ndi yomwe ine ndimailimbikitsa kwa aliyense amene akungoyamba kumene, popeza sipakhala bala lililonse.

Mukafuna kufulumira, mpofunika lezala latsopano, mbale yapulasitiki yosaya, timiyala ta m'thanki momwemo ndi kansalu ka maukonde. Tulutsani mwalawo, dulani chipewa cha korali pamwamba pa tsinde kamodzi kokha mosacheka mobwerezabwereza, ndipo tsindelo mulisiye pamwala pomwepo, chifukwa lidzaphukanso chipewa china. Chipewa mwadulacho mutha kuchigawa pawiri kapena panayi, koma lezala lidutse pakati penipeni kuti chidutswa chilichonse chitengeko mbali ya kamwa, pakuti pakamwa pa korali pali pakati pa chipewacho. Ndikulangizani kuti ulendo woyamba mugawe pawiri pokha, pakuti zidutswa zikuluzikulu zimapola msanga kuposa zing'onozing'ono. Zitsukuluzeni m'madzi otungidwa m'thanki, madziwo muwataye, kenaka muziike pa timiyala m'mbale muja, muphimbe ndi kansalu, mumange ndi mphira, n'kuika mbaleyo pansi pa thanki pomwe madzi akuyenda mofatsa ndiponso kuwala sikwambiri.

Pa nkhani ya kansaluka ndikuchenjezeni mwamphamvu. Musagwiritse ntchito neti ya udzudzu, ngakhale yakale yochapidwachapidwa. Maneti omwe timalandira kuzipatala amakhala onyikidwa m'mankhwala ophera tizilombo, ndipo mankhwala amenewo ndi oopsa kwambiri kwa nsomba ndi tinyama ta m'madzi, moti kachidutswa kochepa kangathe kuononga zamoyo za m'thanki yonse. Pitani kwa telala mukagule kansalu kopyapyala komwe amasokera velo ya mkwatibwi, mukatsuke bwino m'madzi opanda sopo.

Chotsatira ndi kudikira, ndipo apa ndi pomwe ambiri amagwa. Zidutswazo zimakwinyika n'kuoneka ngati zafa, koma kawirikawiri zimadzimata pa timiyala pakapita sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo zimatenga masabata ena angapo kuti zibwerere m'maonekedwe ake ozungulira. Musamatsegule mbaleyo tsiku ndi tsiku kuti muone ngati zagwira. Chokhacho chofunika kuchotsa msanga ndi chidutswa chomwe chayamba kusungunuka kapena kukutidwa ndi zonanda zofiirira, chifukwa chimapatsira zinzake. Zikagwira, apo ndi pomwe super glue amagwira ntchito yake: mumamata kamwalako pamwala waukulu, osati korali.

Kuno ku Mzuzu vuto lalikulu si lezala koma kuzizira. Makoraliwa amafuna madzi otentha pakati pa madigiri 24 ndi 26, pomwe usiku wa mu Juni ndi Julayi kunja kumatha kuzizira mpaka pansi pa madigiri 10. Magetsi akazima usiku wotere, hita imaima, pampu imaima, ndipo korali lomwe lili ndi bala ndi lomwe limayamba kufa. Choncho musadule m'nyengo yozizira pokhapokha muli ndi batire ndi inveta zokhoza kuyendetsa pampu ndi hita. Ngati mulibe, dikirani mpaka mu Seputembala, ndipo magetsi akazima fundikani thankiyo ndi bulangeti kuti kutentha kusathe msanga. Mchere nawo ukhale wosasinthasintha, pafupifupi magalamu 35 pa lita, zomwe pa chipangizo choyezera mchere m'madzi zimaonetsa 1.025. Madzi akaphwa, mchere umatsalira, ndiye muzithiramo madzi osefedwa opanda mchere ndi opanda klorini.

Podula valani magolovesi ndi magalasi oteteza maso. Pamiyala yomweyo nthawi zina pamamera makorali ena otchedwa Palythoa, omwe ena mwa iwo ali ndi poizoni woopsa wotchedwa palytoxin, ndipo mwala wotere suyenera kukwechedwa kapena kuthiridwa madzi owira m'nyumba.

Musanamupatse mnzanuyo, mufunseni ngati thanki yake ndi ya madzi amchere wogulidwa mwapadera wa makorali, chifukwa mchere wa m'khitchini sungathandize, ndipo madzi omwe mbuna za ku Nkhata Bay zimakondwa nawo amapha korali tsiku lomwelo. Mumuuzenso kuti aliike pamwala wapaokha wotalikirana ndi ina, pakuti Discosoma ikakhazikika imafalikira ndi kuphimba makorali ena, ndipo kuichotsa pamwala n'kovuta kwambiri popeza kachidutswa kalikonse kotsalira kamameranso.