Chifukwa chimene madzi otentha amayandamira pamwamba pa ozizira

Mayi athu a ku Santhe, mwafunsa kuti n'chifukwa chiyani mukathira madzi owira m'beseni la madzi ozizira, pamwamba pamawotcha dzanja pamene pansi pakuzizirabe, ndiponso mukufuna kudziwa madzi oyenera kuyamba kuthira posambitsa khanda m'nyengo ya chisanu. Ena ayankha kale kuti kutentha kumakwera kokha, koma chimene chimakwera ndi madzi enieniwo, ndipo amakwera chifukwa chakuti apepuka.

Madzi akatenthedwa, tinthu ting'onoting'ono timene timapanga madziwo, totchedwa mamolekyulu, timayamba kuthamanga ndi kukankhana kwambiri, motero timatalikirana, ndipo madzi omwe aja amafuna malo okulirapo. N'chifukwa chake poto wodzadza ndendende amayamba kusefukira pambaula madzi asanafike n'powira pomwe. Tsono mukatunga kapu imodzi ya madzi otentha ndi kapu ina yofanana nayo ya madzi ozizira, ya otenthayo imakhala yopepukirapo, monga mmene thumba la mtedza wosasenda limapepukira poyerekeza ndi thumba lomwelo la mtedza wosenda, popeza mipata yachuluka. Lita imodzi ya madzi a madigiri 20 imalemera pafupifupi magalamu 998, ya madigiri 80 imalemera magalamu 972, pamene ya madigiri 100 imalemera magalamu 958. Pa kapu imodzi dzanja silingamve kusiyana kumeneku, koma pa chigubu cha malita 20, madzi a madigiri 80 amaperewera ndi theka la kilogalamu poyerekeza ndi a madigiri 20, ndipo zimenezi n'zokwanira kuti opepukawo akhale pamwamba, olemerawo atsalire pansi, mpaka wina atawavundula.

Zimene mukuona m'beseni zimachitikanso pamadzi aakulu. Amene analowapo m'damu masana a mwezi wa Okutobala akudziwa kuti m'chiuno mumamveka madzi ofunda pamene kumapazi kuli zii. Nyanja ya Malawi, imene kuya kwake kumafika pafupifupi mamita 700, ndiyo imaonetsa bwino nkhaniyi: dzuwa limafunditsa madzi apamwamba chaka chonse, choncho madziwo sasakanikirana ndi apansi penipeni, ndipo kupitirira mamita pafupifupi 250 kulibe mpweya wa okosijeni woti nsomba zingakhaleko. Mphepo ya mwera ikamawomba m'miyezi yozizira imakankhira madzi ofunda cha kumpoto, ndipo kumwera kwa nyanja kumatumphuka madzi ozizira ochokera pansi, amene amabwera ndi chakudya cha zomera zing'onozing'ono zimene nsomba zimadalira. Ngakhale geyser yoyendera dzuwa, chipangizo chotenthetsera madzi osamba, imagwira ntchito mwa njira yomweyi, ndipo n'chifukwa chake thanki yake imaikidwa pamwamba pa machubu amene dzuwa limatenthetseramo madziwo, kuti madzi akatentha azikwera okha popanda pampu.

Lamuloli lili ndi malire ake. Madzi amalemera koposa akafika pafupifupi madigiri 4, ndipo akazizira kupitirira pamenepo amayambanso kupepuka, mwakuti ayisi amayandama ndipo botolo lodzadza limaphulika mufiriji. Kuno ku Kasungu madzi a pachitsime safika pamenepo, choncho posamba sizikutikhudza.

Ndibwerere ku khanda lija, chifukwa mbali imeneyi ndi imene ndaikapo mtima kwambiri. Tikangoyang'ana kusakanikirana kokha, kuthira madzi ozizira pamwamba pa otentha kumathandiza, popeza ozizirawo amamira n'kudutsa mwa otenthawo. Komabe ine sindingakulangizeni kutero. Beseni la madzi owira okhaokha likakhala pansi pamene inu mwatembenuka kukatunga ozizira, mwana wokwawa akhoza kulifikira m'kanthawi kochepa, ndipo madzi a madigiri 60 okha amawotcha khungu m'masekondi owerengeka, makamaka la mwana limene ndi lopyapyala. Yambani ndi ozizira, kenako muthire otentha, ndipo muvundule ndi dzanja kapena kapu kuchokera pansi penipeni, osati kungopalasa pamwamba.

Za kuchuluka kwake mukhoza kuwerengera nokha, chifukwa madzi osakaniza amatenga kutentha kwa pakati malinga ndi kuchuluka kwa mbali iliyonse. Kuno tili pamtunda wopitirira mamita 1,000 kuchokera pamene pali nyanja zamchere, motero madzi athu amawira pa madigiri pafupifupi 96 m'malo mwa 100, ndipo pofika nawo kubafa amakhala atatsikako. Tiyerekeze kuti muli ndi malita 5 a madigiri 90 ndi malita 15 a madigiri 20. Chulukitsani 5 ndi 90, kenako 15 ndi 20, muphatikize, mupeza 750, ndipo mukagawa ndi malita onse 20 mupeza madigiri 37 ndi theka, amene ali pafupi ndi kutentha kwa thupi la munthu. Ndiye kuti jagi imodzi ya madzi ongophula kumene imafuna majagi atatu a ozizira. M'mawa wa mu Juni, madzi ogona panja amakhala ozizira kuposa pamenepa, choncho ozizirawo mungawachepetseko pang'ono.

Mukatha kuvundula, yesani madziwo ndi chigongono kapena mkati mwa mkono, chifukwa zikhatho zozolowera kuphula mapoto zimapirira kutentha kumene khanda silingapirire. Mukafuna kuwonjezera otentha kusamba kuli mkati, yambani mwatulutsa mwanayo m'beseni, muthire, muvundulenso, muyesenso, kenako mum'bwezeremo.