Kibodi amasewera kapena amaimba?

Funso: Bambo, ine ndi achimwene anga timatsutsana za oimba kibodi a gulu la Yes la ku England. Ndinawalembera kuti, "Rick Wakeman amasewera kibodi bwino kusiyana ndi Tony Kaye." Iwo akuti Chichewa changa n'chothyoka. Ndalakwitsa pati? Wowerenga wa ku Zomba.

Yankho: Achimwene anuwo muwagulire chimanga chootcha, agwira mbava. Mbavayo ndi "amasewera". Ife timasewera mpira, bawo, phada ndi chipako. Chida choimbira timachiimba kapena kuchiliza: kuimba gitala, kuliza ng'oma. "Kusewera kibodi" ndi Chingerezi chomwe changovala chitenje, ndipo ndikulumbira kuti anatibweretsera ndi aulutsi a pawailesi. M'makutu mwanga, wosewera kibodi ndi kamwana komwe kapeza chidacho chili chokha m'tchalitchi n'kumachibaya ndi zala zaphala. Wakeman anakaphunzira nyimbo ku Royal College of Music ku London, musamunyoze chotero.

Mawu akuti kibodi nawonso amandiyabwa, chifukwa tili ndi athu: limba. Ndili mwana, kutchalitchi kwathu kunali limba lopopa ndi mapazi, ndipo mkulu wina wa mpingo ankaliimba thukuta lili kamukamu, nsapato atavula. Panalibe yemwe ankati kibodi. Tsinde lake ndi lomwe lija la kalimba ndi valimba wa Asena a ku Nsanje, ndipo ine sindikayika m'pang'ono pomwe kuti marimba omwe akulira ku Guatemala lero ndi malimba athu omwewa atawoloka nyanja.

Kwa Kaye, limba likukhala bwino. Munthuyo mtima wake unali pa limba lamagetsi la Hammond ndi piyano, zida zatsopano za Mellotron ndi Moog sankazifuna kwenikweni, ndipo ichi ndi china mwa zomwe zinamuchotsetsa m'gululo mu 1971. Wakeman, amene analowa m'malo mwake chaka chomwecho kuchokera ku gulu la Strawbs, ankadzitchinga ndi zida mbali zonse, dzanja lina pa Moog yaing'ono yotchedwa Minimoog lina pa Mellotron, atavala mkanjo wonyezimira. Mulu wa mawaya umenewo kuutcha limba n'kunamizira limba. Pamenepo ndagonja, kibodi ikhale, bola muziilemba momwe mwalemberamo.

Tsono "kusiyana ndi". Achimwene mwina akufuna "kuposa", ndipo nanenso ndimakonda ameneyo pofuna kunena kuti uyu ali pamwamba pa uyu. Komabe "bwino kusiyana ndi" amayi anga ankanena poyerekeza ufa kumsika, ndiye sindingakuimbeni mlandu. Chenjerani ndi kamodzi kokha: "mosiyana ndi" sikuika munthu pamwamba. Patrick Moraz wa ku Switzerland, amene analowa mu 1974 Wakeman atachoka, ankaimba mosiyana ndi onse awiriwo, mopendekera ku jazi. Ngati ankaimba kuwaposa, imeneyo ndi ndewu ina ya inu ndi achimwene. Moraz anajambula ndi gululo chimbale chimodzi chokha, Wakeman n'kubwerera.

Uthenga wanu ine ndikanaulemba chonchi: "Zala za Wakeman zimathamanga kuposa za Kaye, koma limba la Kaye limagunda pachifuwa." Muwatumizire, tione ngati apezemo chothyoka.