Kwa achemwali afunsa za chizungu aja

Achemwali mwalemba kuti muli ndi zaka 34, chizungu chinakugwetsani kawiri pa MSCE ndiye mukufunsa ngati mutu wanu ndi wouma kapena nthawi inakutherani, ndaona ambiri angokuyankhani kuti limbikirani basi. Ine nditalikitsa pang'ono, mundipirire.

Mwanena nokha kuti munakulira kunyanja kuno ku Salima, pakhomo Chiyao, kumsika Chichewa. Nanga Chichewa chimene mwalembera funso lanuli anakuphunzitsani ndani? Munachitola posewera ndi anzanu, mukalakwitsa amakusekani pang'ono masewera nkumapitirira. Mutu wouma sungasunge zilankhulo ziwiri chonchi ayi.

Tsiku lina mudzaime pa Senga Bay muone anyamata ogulitsa ziboliboli aja. Ena sukulu analekezera sitandade 6 koma mzungu akangotsika galimoto amamuthamangira ndi chizungu chothyokathyoka chomwecho mpaka kunenerera mtengo, kuseka naye, mwina kupatsana manambala, chifukwa akudziwa kuti akachita manyazi agona ndi njala. Mchimwene wanga anapeza 9 pa English, anapita ku Johannesburg kukagwira ntchito ya m'galadeni, chaka chisanathe ndinamumva pafoni akukangana ndi kondakitala m'Chizulu kkkk, munthu yemweyo amene tonse tinkati zilankhulo sizimulowa.

Vuto lathu ndi loti chizungu tinachisandutsa sikelo yoyezera nzeru. Munthu akalakwitsa Chichewa timangoti lilime laterereka, akalakwitsa chizungu timati mbuli. Ndipo poti MANEB sipereka satifiketi ukalakwa English ngakhale masamu utakhoza bwanji, mantha aja amachita kuwirikiza. Ine ndili fomu 1 ndinaimirira mkalasi nkunena kuti "he have", kalasi yonse inafa nalo phwete, aphunzitsi anandibwerezetsa katatu kuti enawo aseke bwino. Teremu yonse sindinakwezenso mkono. Pasukulu pathu panalinso kachikwangwani kovala mkhosi ukagwidwa ukulankhula Chichewa, madzulo chibalo chotchetcha, ndiye ambirife tinangosankha kukhala duu osalankhula chilichonse, chizungu ayi Chichewa ayi. Mpaka lero sindiona chimene chinatithandiza pamenepo.

Izi si zakwathu kokha. Ku Montreal m'dziko la Canada, akatswiri awiri, Gardner ndi Lambert, anafufuza mu 1959 ana olankhula chizungu amene ankaphunzira Chifalansa, anapeza kuti kupatula luso lobadwa nalo, mtima umene mwana ali nawo pa chilankhulocho ndi pa eni ake umathandiza kwambiri kuti achidziwe. Winanso, Stephen Krashen, anafanizira mantha ndi sefa: mawu akubwera ndithu koma munthu akakhala ndi nkhawa amakodwa panjira osalowa. Inu mukalowa mkalasi mutadziuza kale kuti ine izi sindingathe, ndiye kuti theka la maganizo likumvera aphunzitsi theka lina likulondera kuti asakulozeni chala.

Za zaka zija, sindikunamizani, katchulidwe kokha kamavutadi munthu akakula, mwina R ndi L zizikusokonezanibe ngati tonsefe. Koma mawu atsopano ndi malamulo a chilankhulo wamkulu amagwira msanga poyamba kuposa mwana, poti amadziwa chimene akufuna ndipo amatha kufananiza ndi zilankhulo zimene ali nazo kale. Ndipo pa mayeso palibe amene adzamve katchulidwe kanu, adzawerenga chimangirizo chanu.

Pamenepo pokha ndiye musanamizidwe ndi nkhani yanga ya ziboliboli ija, chizungu cha kugombe sichikhozetsa MSCE. Pafunika kulemba, kulakwitsa, wina nkukuchongerani ndi cholembera chofiira inu osakhumudwa. Kufiira kwa pepala lanu muzikuwerenga ngati mndandanda wa zoti mukonze sabata imeneyo. Muzimvera nkhani za chizungu pa MBC kapena Zodiak kenako mumverenso za Chichewa muone zimene munaphonya. Mupezenso munthu mmodzi yekha amene simuchita naye manyazi, kaya mwana wanu wa sitandade 8 uja mwamutchulayu, muzitumizirana mavoisi pa WhatsApp m'chizungu madzulo alionse ngakhale ongofunsana kuti ndiwo zapsa. Akakusekani mumuuze akonze kaye chiganizocho ndiye aseke bwino.