"Dadi" pamaso pa apongozi, ndi mafunso ena ochokera kuchigwa cha Shire

Mafunso a ulendo uno achokera kumunsi, kuyambira pa Dyeratu mpaka ku Marka. Ofunsa ambiri ndi okwiya, ndiye tiyambe ndi amene akwiya kwambiri.

Funso, kuchokera kwa mayi wina wa ku Ngabu: Mtengwa wanga amaitana mwana wanga kuti "dadi", mwina "bebi", ine ndili pomwepo. Tsiku lina atanena kuti "dadi, madzi ndaika kubafa", amene adadzuka pampando ndi bambo ake a mnyamatayo. Kodi chimenechi n'Chichewa?

Yankho: Mayi, mawuwo ndi obwereka, koma kubwereka pakokha si mlandu. Sopo, sukulu ndi bafa lomwe mwatchulalo tidabwerekanso, ndipo palibe amene amadandaula. Chimene chakuwawani ndi malo amene mawuwo akunenedwera.

Makolo athu sankasowa maina oitanirana m'banja. Mwana akabadwa, mwamuna amasanduka "bambo a Chikondi", mkazi "mayi a Chikondi" kapena "make Chikondi". Ena amaitana mkazi ndi mfunda wake, monga Nabanda kapena Naphiri. Pouza anthu akunja amati "akunyumba". Maina onsewa ali ndi ntchito imodzi: amapewa dzina lenileni la munthu, ndipo aliyense womva amadziwa amene akunenedwa. "Dadi" amapewadi dzina, koma pakhomo pokhala abambo awiri amasokoneza, monga mudaonera tsiku la madzi lija.

Kuchigwa kuno nkhaniyi imakula chifukwa m'mabanja ambiri a Chisena mkazi amalowoledwa n'kukakhala kwawo kwa mwamuna. Ndiye kuti mawu aliwonse amene anganene kwa mwamuna wake amadutsa m'makutu mwa apongozi ndi alamu. Kwa Amang'anja otsata chikamwini, amene amayenera kusamala pakamwa ndi mwamunayo. Mkamwini woitana mkazi wake kuti "bebi" apongozi aamuna akusoka ukonde pakhonde, ameneyo asadabwe akapatsidwa munda wa kutali.

Maganizo anga ndi awa: "bebi", "switi", "hane" ndi "wapamtima" akhale a kuchipinda ndi a pafoni, kumeneko ine ndilibe nako mawu. Pabwalo abwerere kwa "bambo a uje". Koma inunso mayi, musamuyankhe mtengwayo pagulu. Tumani mlamu wake wamkazi amunong'oneze popita kumtsinje. Ndipo muyamikeko kuti sakumutchula mwana wanuyo dzina kapena kumuti "iwe". Pa milandu iwiriyi, waukulu ndi umenewo.

Funso, kuchokera kwa mphunzitsi wa pulayimale ku Nchalo: Ana anga amalemba kuti "ndinakabwera dzulo koma kunali mvula". Ndikawachongera kuti alakwa, amati pawailesi amamva choncho.

Yankho: Pitirizani kuchonga. Zolondola polemba ndi "ndikanabwera" kapena "ndikadabwera", zonse ziwiri n'zabwino. "Ndinakabwera" adabwera chifukwa chotembenuza -ka- ndi -na-, ndipo wafala kwambiri pakamwa pa achinyamata ndi akuluakulu omwe. Ndikadangomusiya akadakhala kuti alibe mnzake wofanana naye, koma alipo. Munthu akalemba kuti "ndinakagula mbuzi ku Ngabu", Chichewa chimati adapita, adagula, mbuzi ili m'khola. Pomwe iye amafuna kunena kuti ndalama zidaperewera ndipo adabwerako chimanjamanja. Polankhula, kamvekedwe ka mawu ndi nkhope ya munthu zimatithandiza. Papepala zimenezo palibe. Apatseni anawo chitsanzo cha mbuzichi, samvanso za wailesi.

Funso, kuchokera kwa namwino wochokera ku Dedza amene akugwira ntchito ku Nsanje: Ndikamaliza kuthandiza odwala, ena amati "takhuta". Poyamba ndinkayesa chipongwe. Bwanji osangoti zikomo? Chinanso, amati "pinthu" m'malo mwa "zinthu". Ndiziwakonza?

Yankho: Musawakonze, chifukwa sanalakwe. Akukulankhulani Chisena, ndipo m'Chisena "takhuta" ndiye kuthokoza. Pamene Mchewa amaika zi-, Msena amaika pi-: zinthu ndi pinthu. Kulankhula amati kulonga, kukana amati nkhabe. Chimenechi ndi chiyankhulo pachokha, cholankhulidwa kuno ndiponso tsidya lija ku Mozambique m'mbali mwa Zambezi, osati Chichewa chopindika.

Maganizo oti pali Chichewa chimodzi chokha cholondola ali ndi mbiri yake. Mu 1968 boma lidasankha Chichewa kukhala chiyankhulo cha fuko, ndipo mu 1972 kudakhazikitsidwa bungwe la Chichewa Board loti liziyang'anira kalembedwe ndi kalankhulidwe. Muyezo udatengedwa kuchigawo chapakati, kwanu komweko. Ana a ku Tengani, ku Bangula ndi ku Makhanga adaphunzira m'kalasi chiyankhulo chosiyana ndi cha pakhomo, ndipo ambiri akakwera mapiri kupita ku Blantyre ankabisa Chisena chawo poopa kusekedwa. Ngakhale Chimang'anja, chomwe ndi mphukira ya mtengo umodzi ndi Chichewa, chinkaoneka ngati cha kumudzi. Bungwe lija lidatha, m'malo mwake mu 1996 kudabwera Centre for Language Studies ya ku University of Malawi, yomwe ntchito yake ndi ziyankhulo zonse za m'dziko muno. Koma khutu la anthu silisintha msanga ngati chikwangwani cha ofesi.

Inu phunzirani mawu ochepa a Chisena. Gogo wa ku Ndamera akamva namwino akuyesa chiyankhulo chake, amafotokoza matenda ake onse, ndi aja amabisa omwe.

Funso, kuchokera kwa mlembi wa mpingo wina ku Chikwawa: Ndilembe "muzibwera msanga" kapena "mudzibwera msanga"?

Yankho: Lembani "muzibwera". Polangiza kapena polamula kuti chinthu chizichitika kawirikawiri timaika -zi-. Ntchito ya -dzi- ndi kubweza zochitazo kwa mwini wake: kudzicheka, kudzitama, kudzikonda. Madera ena amatchuladi -dzi- ponseponse, ndipo pocheza sindingamudule munthu pakamwa. Koma taganizani ankhoswe atalembera mkwati kuti "mudzikonda, mudzisamalira", pofuna kunena za mkazi ndi ana. Alangiza mnyamatayo kuti akhale wodzikonda, malangizo amene amuna ena sachedwa kuwatsata.

Pomaliza, wogulitsa nsomba wina pa Bangula wadandaula za "kupanga": kupanga sendi ndalama, kupanga chakudya, kupanga nsomba, kupanga mwana. Apa ndili mbali yanu, bambo. Ndalama timatumiza, chakudya timaphika, nsomba timawedza, timatumbula, timawamba kapena kuyanika. Wogula akakuuzani kuti "mundipangire milamba iwiri", mufunseni ngati akufuna yaiwisi kapena yowamba, ndipo mtengo muutchule atayankha.